Ine wanga ndi kabawi, kambuku ndakusiyirani

Anthu ambiri akaona zojambula za ku Japan zopachika kukhoma zija, zimene eni ake amati kakemono, maso awo amathamangira pa kambuku wamizeremizere. Ine mtima wanga uli pa kabawi.

M'nkhalango za ku Japan mulibe akambuku. Ojambula a nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, ankadalira zikopa zochokera kunja, zithunzi za ku China ndi amphaka a pakhomo. Mukayang'anitsitsa akambuku ena a nthawiyo, mwana wa diso ndi wowonda ngati wa mphaka dzuwa likaswa mtengo, pomwe wa kambuku weniweni ndi wozungulira. Ngakhale Maruyama Ōkyo, amene ankalimbikira kujambula zimene waona ndi maso, akambuku ake nkhope n'zofatsa. Ubweya ankaukhoza chifukwa chikopa chinalipo, koma kuyenda kwa chilombocho sanakuone. Sindikumunyoza, luso analinalo.

Koma kabawi ojambulawa ankakhala naye pabwalo pomwepo. Akuluakulu ankhondo ankaweta mbalamezi n'kumasaka nazo, ndipo Tokugawa Ieyasu, wolamulira dzikolo koyambirira kwa nthawi ya Edo, ankakonda ulenje umenewu mpaka ukalamba wake. Choncho wojambula ngati Soga Chokuan, amene anatchuka ndi akabawi cha m'ma 1600, ankajambula mbalame yoidziwa. Taonani kabawi atatera pa mtanda wake: chingwe chili kumiyendo, zikhadabo zakanirira mtengo, nthenga za pachifuwa zalembedwa imodziimodzi, mutu wapendekera kumbali. Ndiye diso lija! Wamangidwa, koma njala ya kusaka ikuoneka. Amene munaonapo thadzi likukuwa, anapiye ali balala kuthawira pansi pa nkhokwe, diso limenelo simufunika kuuzidwa. Ndikaliona, khungu limachita tsembwe.

Anyani a wojambula wina, Mori Sosen, amene anamwalira mu 1821, amandikhudzanso chimodzimodzi. Anyaniwo alipo m'mapiri a kwawo, ndipo ubweya wawo anaujambula mofewa moti dzanja limafuna kusisita.

Chinanso chimene ndimakonda n'chakuti kakemono sakhala pakhoma chaka chonse. Amamupachika pa tokonoma, kamalo kolemekezeka m'chipinda cha alendo, nyengo ikasintha n'kumupinda bwinobwino, kumuika m'kabokosi kamatabwa, kutulutsa wina. Ndikanakhala ndi kamalo kotero, kabawi wanga ndikanamutulutsa miyezi yozizira, mlendo akafika ndimukhazike moyang'anizana naye tisanayambe kumwa tiyi.