Ngannou si ng'ombe yongodalira mphamvu

Loweruka ndili kometetsa tsitsi pa boma pano pa Dedza, bambo wina amene ankaonetsa anzake pa foni kavidiyo ka masewero omenyana a MMA (osakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana) ananena mokweza kuti Francis Ngannou ndi ng'ombe yamphongo chabe, alibe luso, amangoponya dzanja mwachisawawa ndipo likamupeza munthu ndi mwayi basi. Onse anaseka movomereza. Ine ndinangokhala chete chifukwa makina anali m'mutu, koma mtima ukuwirabe mpaka lero.

Bambo inu, munthu wodalira mphamvu zokha tinamuona, ndipo anagonja. Ameneyo anali Ngannou wa mu Januwale 2018, pamene anakumana koyamba ndi Stipe Miocic polimbirana lamba wa anthu olemera kwambiri wa UFC, bungwe lalikulu lokonza mipikisano ya MMA. Ngannou anali atangokomola kumene Alistair Overeem ndi nkhonya imodzi yochokera m'munsi, choncho analowa m'khola lomenyeranamo ndi phuma, poganiza kuti zitha msanga. Mpweya unamuthera, Miocic anamugwetsa pansi mobwerezabwereza n'kumamukhalira mpaka maraundi onse 5 anatha. Mukadanena za Ngannou ameneyo, ndikadakuvomerezani.

Koma kodi wa mu Malichi 2021 munamuonera? Miocic yemweyo, lamba yemweyo, koma Ngannou wina, wosulidwa ku Las Vegas ndi mphunzitsi Eric Nicksick. Anafatsa, sanathamangitse munthu, ankasankha nthawi yoponyera, ndipo Miocic atalumphira miyendo kuti amugwetse monga kale, iye anakana kugwa, anamuzungulira kumbuyo n'kuyamba kumusambitsa zibakera. Mu raundi yachiwiri anamukomola ndi dzanja lamanzere. Mphini yobwereza imawala. Munthu anaona pamene analakwitsa, anakakhala pansi n'kuphunzira, inu n'kumati ndi mwayi?

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti umboni waukulu mukuudumpha dala. Mu Januwale 2022 anateteza lamba kwa Ciryl Gane, mnyamata wopepuka miyendo amene kale ankachitira naye limodzi masewero olimbitsa thupi ku Paris, ndipo analowa ali ndi bondo lovulala kwambiri. Ataona kuti choimirira Gane sakugwirika, anasintha nzeru nkhondo ili mkati, anamunyamula n'kumumenyetsa pansi mu raundi yachitatu, napitiriza kumugwetsa ndi kumupanikiza mpaka kumapeto, n'kupambana pa mapointi. Munthu amene anagonjapo chifukwa chosadziwa kugwetsana anateteza lamba ndi kugwetsana komweko. Ng'ombe yanu ija imasintha nzeru chonchi? Ng'ombe imaphunzira?

Ndipo musandiuze za Anthony Joshua. Inde, katswiri wa nkhonyayu anamukomola Ngannou pa mpikisano wa nkhonya mu raundi yachiwiri mu 2024, palibe akukana. Koma miyezi yowerengeka m'mbuyo mwake, mu Okutobala 2023 ku Riyadh, Ngannou yemweyo, pa mpikisano wake woyamba wa nkhonya zolipidwa, anagwetsa Tyson Fury, yemwe pa nthawiyo anali ndi lamba wa nkhonya wa dziko lonse, mu raundi yachitatu, anamaliza naye maraundi 10, ndipo mmodzi mwa oweruza atatu anati wapambana ndi iye. Woponya manja mwachisawawa sangafike pamenepo ndi Fury. Zimenezo n'zosatheka.

Vuto ndi timavidiyo ta pa foniti. Munthu waonera masekondi 20 amene Ngannou anagonekera Jairzinho Rozenstruik, basi wasanduka katswiri wa MMA.

Chinanso, bambo omwewo anawonjeza monyodola kuti mphamvuzo n'za kukumba mchenga, ngati kuti ndi chinthu chochititsa manyazi. Zoona, anakumbadi mchenga kwawo ku Batié, m'dziko la Cameroon, ali mwana wamng'ono, ndipo anagonapo m'misewu ya ku Paris. Nanga anyamata amene amaima m'madzi ozizira a Linthipe mu Juni kuvuula mchenga umene mwamangira nyumba zanuzo, mumawasekanso chimodzimodzi mukamawalipira ndalama zosakwana n'kugula komwe thumba la makala?