Njati si ng'ombe ya kwanu

Mpaka lero ndikupsabe mtima ndi mlendo uja amene mu Meyi 2023 adapita kukaona nyama ku Yellowstone, m'dziko la America, nakagwira mwana wa njati ndi manja ake pa mtsinje wa Lamar, ati akumupulumutsa. Kamwanako kadatsalira pamene gulu la njati linkawoloka, ndipo m'malo mokasiya kuti mayi wake akapeze yekha, bamboyo adakakankhira kumtunda mpaka mumsewu. Oyang'anira nkhalangoyo adayesetsa kangapo kukabwezera kwa anzake koma gulu lidakakana, ndipo katayamba kulondola anthu ndi magalimoto adangokapha. Akulu adati chifundo chidapha nkhwali, koma kuno mwini chifundo adangolipira chindapusa ndi ndalama zina, zonse pamodzi madola opitirira pang'ono 1,000, n'kubwerera kwawo, amene adafa ndi mwana wa njati.

Njati si ng'ombe ya m'khola mwanu. Si chiweto, ndipo sikusowa thandizo la munthu wongodutsa ndi galimoto. Njati ya ku America, imene eni ake amati bison, yamphongo imalemera mpaka makilogalamu 900 ndipo imathamanga makilomita 55 pa ola, n'chifukwa chake lamulo la ku Yellowstone limati munthu aime mamita 23 kutali nayo. Kodi chovuta kumva pamenepa n'chiyani? Mu 2016 alendo ena adakweza mwana wa njati m'galimoto poganiza kuti wazizidwa, nayenso mathero ake adaphedwa. Chaka ndi chaka ena amapita kukaima pamphuno pa njati ndi foni m'manja, ikawanyamula ndi nyanga n'kumati nyamayo ndi yolusa. Mwina n'kufuna kutchuka pa Facebook, kaya.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti onsewa amati amaikonda njati. Chikondi chanji chofuna kugwira chilichonse? A mtundu wa Lakota ndi mitundu ina ya m'zigwa za America, amene ndi eni nthaka a dzikolo, adakhala ndi njati zaka zosawerengeka, ankadya nyama yake, chikopa chake n'kumangira nyumba, ndipo mpaka lero amaitchula m'mapemphero awo ngati m'bale, koma ulemu wawo sunali wosisita nyama ya m'tchire. Njatizi zidalipo mamiliyoni osachepera 30, azungu nazipulula ndi mfuti m'zaka za m'ma 1800, akuluakulu ena a asilikali akuvomereza poti eni nthaka akasowa chakudya agonja. Pofika 1902, ku Yellowstone kudatsala zam'tchire zosakwana 30. Nyama imene yapulumuka zonsezo ikuyenera kupatsidwa malo, osati kuseweretsedwa ngati kagalu ka pakhomo. Ngati mumaikondadi, khalani m'galimoto mwanu, muione ili patali, muisiye.

Nalonso boma la America lisadziyese loyera pa nkhaniyi. Mu 2016 Barack Obama adasaina lamulo lopatsa njati ulemu wokhala chizindikiro cha dziko, koma njati yomweyo ikatuluka mu Yellowstone nthawi ya chisanu kukafuna msipu ku Montana, chigawo choyandikana ndi nkhalangoyo, imakumana ndi mfuti kapena kutengedwa kokaphedwa, chifukwa alimi a ng'ombe amaopa kuti ingapatsire ziweto zawo matenda a brucellosis, amene amachititsa ng'ombe kutaya bere. Nanga mbawala zikuluzikulu zotchedwa elk, zimene zili ndi matenda omwewo, bwanji zimangodziyendera?