Anzathu a ku Zambia amasunga mbiri ya sukulu zawo, ife timaipaka laimu

Ndapsa mtima, ndipo inu a ku Chipata amene mukuwerenga izi sekani ndithu, lero ndi tsiku lanu.

Sabata yatha ndinaperekeza mwana wa achemwali kusekondale ya boma imene ndinaphunzirako, m'boma lathu lino la Nkhotakota. Dzina ndisatchule. Muholo munali thabwa lalitali la mayina a mahedi boyi ndi a ana amene ankasankhidwa kupita ku Chancellor College ndi ku Poly, chaka ndi chaka. Tili Fomu 1 tinkaima pansi pake n'kumawerenga mayinawo ngati a oyera mtima. Lero kulibe. Khomalo analipaka laimu n'kulembapo uthenga wa kusamba m'manja. Nditafunsa amlonda, anangoti, “Bwana, lija linagwidwa ndi chiswe, zotsalazo anasonkhezera nyemba kukhitchini.”

Nyemba, abale!

Alamu anga a ku Chipata anandionetsapo sukulu yawo, ya boma yomweyo, yosauka chimodzimodzi, mawindo osweka ngati kwathu konkuno. Koma mayina a ahedi onse kuyambira woyamba ali pakhoma, zikho za mpira zili m'kabati yagalasi, ndipo madoda a imvi amabwera atamanga tayi ya sukulu kudzaimba nyimbo yawo pamodzi ndi ana. Mzambiya ukangomutchulira Munali, usanamalize n'komwe wakuuza kale kuti Kenneth Kaunda anaphunzira pomwepo, ngati ankakhala naye desiki imodzi. Mtaifa nayenso sakupatsa mpata: Tabora Boys, 1922, sukulu ya ana a mafumu, Nyerere anadutsa pamenepo. Ngakhale a ku Mozambique, amene nkhondo inawagumulira sukulu mpaka 1992, amadziwa kuti sukulu ya Josina Machel ya ku Maputo kale inali Liceu Salazar, komanso chifukwa chimene dzinalo analisinthira. Ifeyo nkhondo yathu inali iti?

Ndisanamizire, ku Zambia si kumwamba. Chichotsereni fizi a Hichilema mu 2022, ana m'makalasi ena akuchita kupanikizana, mphunzitsi kusowa poponda. Komanso kwathu kuno alipo amene amanyadira kwawo. A Blantyre Secondary akuuzani za 1940, a Zomba Catholic za 1942. A ku Dedza, imene inatsegulidwa mu 1951, satchula n'komwe dzina la sukulu, amangoti Box 48, mapewa m'mwamba. Koma amenewo ndi angati? Ambirife tinadutsa m'sukulu za m'maboma ndi m'ma CDSS, masekondale oyendera aja anachokera ku MCDE ya maphunziro a patali, kumene hedi watsopano aliyense amayamba ngati sukulu yamangidwa dzulo. Mafayilo a amene analipo kale amakathera kusitolo limodzi ndi makasu.

Miyambo imene tasunga bwino ndi iyi: nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, belu la limu ya galimoto lopachika mumtengo wa mango, chikwakwa Loweruka m'mawa, ndi kuzunza a Fomu 1. Umenewu wokha sudyedwa ndi chiswe. Mwana wa achemwaliyo usiku woyamba womwe anamutuma kale kukachapa masokosi a munthu wa ndevu.

Chondiwawa n'chakuti anthu a ku Nkhotakota kusunga zakale timatha. Mtengo umene Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe timauloza kwa mlendo aliyense, wa kabaza amakufotokozera nkhani yake yonse osapuma. Zafika pa sukulu imene yatulutsa aphunzitsi, anamwino ndi apolisi a dziko lonseli, palibe wodziwa ngakhale dzina la hedi woyamba.

Ndinaika nkhaniyi pagulu lathu la WhatsApp la ophunzira akale, kuti tisonkhe kangachepe, tifunse achikulire akadali moyo, tilembetse mayinawo mwatsopano. Anthu awerenga, zii. Madzulo ake wina atalemba zokawotcha chambo ku Chia, gulu lonse linadzuka, ena mpaka kufunsa nambala ya Airtel Money.