Njala si maphunziro, lekani kuzunza amphaka chifukwa cha kanema

Ndakwiya ndipo sindibisa. Kakanema kamene kakuzungulira pa WhatsApp, koonetsa anyamata akujambula uthenga wotsatsa malonda a golosale ina pa Chitakale, kandinyansa. Ankafuna kuti chona athamange kuchoka pakhomo la shopu kukafika pa mbale ya usipa. Ndiye anatani? Anamuvindikira m'dengu masiku atatu osamupatsa kanthu, ati akadzamutsegulira adzathamangira mbaleyo. Mmodzi akuchita kufotokoza yekha monyadira, anzake akuseka. Kumwendo amumanga ulusi wa thumba la feteleza woti azimukokera. Jenereta ikulira pambali, sipika ili pamwamba, ana adzaza bwalo lonse. Atatsegula dengulo, mphaka sanayang'ane n'komwe usipawo. Wadula ulusi, wadumpha ngalande, ulendo wa m'munda wa tiyi. Ndipo m'munsi mwa kanemayo wina walemba kuti akanamumwetsa Panado kuti afatse.

Achimwene anga ojambula inu, njala si maphunziro. Kumana mphaka chakudya masiku atatu si kumuphunzitsa, ndi nkhanza basi. Mundiuza kuti ndalama zinachepa, kuti mwini shopu ankafuna kanemayo pofika Lachisanu. Ndamva, koma sizisintha kanthu. Walira mvula walira matope. Mwafuna mphaka mu kanema wanu, landirani ntchito imene imabwera naye.

Mphaka wamantha sadya, ngakhale m'mimba mukhale mopanda kanthu. Ichi n'chinthu choyamba chimene aliyense wogwira ntchito ndi amphaka amadziwa. Mantha akafika, njala imayamba yadikira, thupi lonse limangofuna pobisala. Ndiye munamusunga ndi njala pachabe. Choipa kwambiri n'chakuti mphaka akakhala masiku angapo osadya, makamaka wonenepa, thupi limasungunula mafuta ake mofulumira kuposa mmene chiwindi chingakwanitsire. Mafutawo amaunjikana m'chiwindimo, mphaka amayamba kusanza, m'makutu ndi m'nkhama mumachita chikasu, ndipo kenako amakana chakudya ngakhale mutamuikira pakamwa. Ambiri amafa nazo. Mumaika moyo wa chiweto cha munthu pachiswe chifukwa cha masekondi 10 a kanema!

Ophunzitsa amphaka a m'mafilimu amagwiritsadi ntchito chakudya, koma njala yake ndi ya maola ochepa. Mphaka amadya m'mawa ndi madzulo monga mwa masiku onse, ndipo maphunziro amachitika nthawi ya chakudya itayandikira, pamene akuyamba kuzungulira miyendo ya mwini wake. Zimene wadya pophunzira mumazichotsera pa mbale yake ya tsikulo kuti asanenepe. Mphotho yake ikhale kachidutswa kofanana ndi njere ya nandolo, ka nkhuku yowiritsa kapena usipa wopanda mchere, ndipo ngati ndi wouma wamchere muyambe mwauviika m'madzi. Anyezi ndi adyo ayi, zimawononga magazi a mphaka. Mkaka ayi, amphaka aakulu ambiri amatsegula nawo m'mimba. Tizidutswa 10 kapena 15 takwana pa phunziro limodzi. Mukamupatsa nsomba yathunthu amainyamula kupita nayo pansi pa bedi, phunziro lathera pomwepo.

Mufunikanso kachida kolira kuti "twa". Bolopeni yodina pamwamba imagwira ntchitoyi bwinobwino. Masiku awiri kapena atatu oyamba simumupempha kalikonse, mumangodina n'kumupatsa kachidutswa, kudina n'kumupatsa, mpaka muone kuti akamva "twa" akutembenuka kuyang'ana dzanja lanu. Apo ndiye wamvetsa kuti kaphokosoko n'chizindikiro chakuti wachita bwino. Kuyambira pamenepo kudinako kuzichitika pa nthawi yeniyeni imene wachita chimene mukufuna, chakudya n'kutsatira pasanathe masekondi awiri. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Mphaka wakhala pansi, inu mukufufuza m'thumba, mukadina iye wanyamuka kale. Mwamuphunzitsa kunyamuka. Mawa mudzati chona uyu ndi wopusa, pamene wochedwa ndinu.

Phunziro lililonse likhale la mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu pa tsiku. Akayamba kudzinyambita kapena kuyang'ana kumbali, lekani, watopa. Musamuthamangitse, musamukalipire, musamugwire pakhosi n'kumubwezera pamalo. Mphaka mukamumenya sadziwa chimene walakwa, amangodziwa kuti inuyo ndi woopsa.

Zimene anyamata a pa Chitakale ankafuna, zochoka apa kufika apo, ndi ntchito yoyambirira kwenikweni kwa mphaka wa m'makanema, ndipo ulusi sufunika. Mumatenga kathabwa kafulati kokwana mapazi ake akutsogolo, kapena chivindikiro cha chitini, n'kuika pansi. Akakanunkhiza, "twa", chakudya. Kenako mumadikira kuti apondepo ndi phazi limodzi, kenako awiri, kenako aime pamenepo masekondi awiri, asanu, khumi. Akazolowera mumakasuntha kathabwako, mita imodzi, mamita awiri, chipinda china, pakhonde. Pang'onopang'ono mumasintha ndi kena kocheperako, mpaka kafike pa kachitsekerero ka botolo kamene kamera singakaone. Pofuna kuti abwere chothamanga, mumamuzoloweza kabelu kapena kachida kolira kuti "bzz" nthawi iliyonse imene mukumupatsa chakudya chake. Tsiku lojambula mmodzi amamumasula kuseri kwa chitseko, wina amaliza kabeluko kuseri kwa kamera, mphaka amadutsa yekha mchira uli m'mwamba. Izi zimatenga masabata, kwa amphaka ena miyezi. Mukathamangira kutalikitsa mtunda iye asanakhazikike, amaima pakati n'kukhala pansi, ndipo mankhwala ake n'kubwerera pa mtunda umene ankachita bwino. Inu mumafuna ntchito ya masabata ichitidwe ndi dengu.

Komanso si mphaka aliyense amene angagwire ntchitoyi. Mwana wa mphaka amazolowera anthu ali pakati pa masabata 2 ndi 7. Amene anakulira kuseri kwa nkhokwe, wosanyamulidwapo, sadzakhala pakati pa anthu makumi awiri ngakhale mutatani. Amafunika wolimba mtima, wokonda chakudya, amene mlendo akalowa amapita kukamununkhiza m'malo mothawira pansi pa mpando. Mtundu wake ulibe ntchito. Morris, mphaka wotchuka uja wotsatsa chakudya cha amphaka cha 9Lives ku America, wophunzitsa zinyama wina dzina lake Bob Martwick anamupeza mu 1968 kumalo osungirako ziweto zosowa eni ku Hinsdale, pafupi ndi Chicago, ndipo mphakayo anagwira ntchitoyo mpaka imfa yake mu 1978. Anamusankha chifukwa cha mtima wake. Ndipo anzathu okhala ndi ndalama zawo sadalira mphaka mmodzi. Mu filimu ina ya Marvel ya mu 2019 mphaka amene mumamuona ngati mmodzi anali anayi ofanana, Reggie, Archie, Rizzo ndi Gonzo, aliyense ndi mbali imene ankaichita bwino. Wina akatopa amalowa mnzake. Inu munangotola chona wa aneba m'mawa wina n'kumuponya m'dengu.

Tsiku lojambula lili ndi malamulo akenso, ndipo onse munawaphwanya. Mphaka amayenera kufika pamalopo kawiri kapena katatu tsikulo lisanafike, anunkhize makona onse, achite kaphunziro kake pomwepo. Amabwera m'bokosi lake lotseka bwino, lokhala ndi timabowo ta mpweya ndi kansalu kamene amagonera kunyumba, ndipo bokosilo limakhala pamthunzi, chifukwa ndiko kothawira kwake akachita mantha. Mukamakonza magetsi ndi kamera gwiritsani chidole, mphaka weniweni atuluke zonse zitakonzeka. Jambulani m'chipinda, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Ngati n'panja, pakhale mpanda. Pa Chitakale msewu uli pomwepo, minibasi ndi njinga zamoto sizikata, kuseri kuli tiyi. Mphaka akalowa pansi pa mitengo ya tiyi simungamuone ngakhale ali mamita awiri kuchokera pamene mwaima, ndipo akachita mantha sayankha kuitana.

Jenereta ikhale kutali, kokani waya wautali. Sipika zimitsani, nyimbo mudzaika pa kompyuta. Khutu la munthu limalekera pa 20,000 hertz, la mphaka limapitirira 60,000, ndiye pali kulira kwa zipangizo zamagetsi kumene inu simukumva iye akukumva. Wolankhula naye akhale mmodzi, amene anamuphunzitsa. Osati uyu "pusi pusi", uyo akuwomba m'manja, wina akuimba likhweru. Gawo limodzi mulibwereze kangapo chabe, akakhuta kapena kutopa mwatseka. Ndipo muzimuyang'ana. Makutu akagona cham'mbuyo, mchira ukamamenya pansi, maso akada bii chifukwa mboni zatukuka, akugwada ngati akufuna kulowa pansi, imani. Akayamba kupuma wefuwefu kukamwa kuli yasa, zimitsani magetsi msanga, mphaka sapuma choncho ngati galu, ndiye kuti watenthedwa kapena mantha amupitirira. Kutentha kwa kuno mu Okutobala, pansi pa malata, muwonjezerepo magetsi ojambulira, mukufuna afe?

Tsono inu amene mwalemba za Panado, ndikupempheni mufufute. Piritsi limodzi la 500 mg likhoza kupha mphaka. Chiwindi chake sichitha kuswa mankhwala amenewa ngati cha munthu. Magazi amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimasanduka zofiirira ngati dothi, nkhope ndi mapazi zimatupa, amapuma movutikira. Panado sagonetsa mphaka, amamupha. Mankhwala aliwonse opatsa chiweto achokere kwa dokotala wa ziweto, ndipo mphaka wogonetsedwa ndi mankhwala sasewera kanema, amangolendewera mutu. Mukufuna aoneke akugona? Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku. Mudyetseni, mumuikire kansalu kake pamalo ofunda, khalani chete, kamera idikire.

Munafunsa n'komwe ngati chona ameneyo analandira katemera wa chiwewe? Mphaka woopsedwa amaluma ndi kukanda, ndipo ana anali pomwepo. Walumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mphaka amene waluma amafunika kumuyang'anira masiku 10, nanga wathawira m'tiyi mumuyang'anira bwanji?

Ku America bungwe la American Humane linayamba kuyang'anira zinyama pamalo ojambulira mafilimu mu 1940, kavalo atafa pojambula filimu ina mu 1939. Kuno kulibe woima pambali pa kamera yanu kukuuzani kuti basi, koma lamulo loletsa kuchitira nkhanza zinyama lilipo m'dziko muno, ndipo kumana chiweto chakudya mwadala ndi nkhanza. Ngati mulibe masabata ophunzitsira, sinthani nkhaniyo. Pitani kunyumba kwa mwini mphaka pa nthawi imene amadya, ikani mbale pamalo ake a masiku onse, jambulani mwakachetechete, mukalumikize pa kompyuta. Kapena mphakayo achokemo, usipa umagulidwa popanda iye. Koma dengu ayi, ulusi ayi, njala ayi.

Ndipo poti tayamba, inu a masewero mwatitopetsa ndi mphaka wakuda. Sewero lililonse la ufiti, agogo asanduka mphaka, mphaka walowa pawindo usiku, mphaka wagwidwa pamanda. Ana amaonera zimenezi m'mavidiyo sho ku Limbuli, ku Luchenza, pa Thyolo boma, mawa lake akuthamangitsa chona wa eni ake ndi miyala, ndipo agogo amene amamusunga ayamba kulozedwa zala. Mphaka yemweyo ndi amene akulondera matumba a chimanga ndi nandolo m'nyumba zawo kuti makoswe asaboole. Zaka zonsezi mwasowa china cholemba?