Ndudu zosakanda pakhosi zikupusitsa abale athu

Malume anga, amene amawedza nsomba m'dambo la Elephant Marsh kufupi ndi Bangula, adasiya chingambwe chaka chatha chifuwa chitawavuta, ndipo tsopano amasuta ndudu za m'sitolo zimene utsi wake sukanda pakhosi. Iwo amakhulupirira kuti achepetsa vuto, koma ine sindikuvomereza, chifukwa ndakhala nawo pakhonde madzulo ambiri ndikuona mmene amasutira.

Ndudu zambiri zotchedwa zopepuka zimakhala ndi timabowo ting'onoting'ono kuzungulira fyuluta, ndipo timabowo timeneti timalowetsa mpweya umene umasungunula utsi. Makina oyezera ndudu, amene mwa njira yakale amakoka mamililita 35 a utsi kwa masekondi 2 kamodzi pa mphindi iliyonse, amapeza phula ndi chikonga chochepa. Komatu makina alibe chibaba. Thupi limene lidazolowera chikonga limafuna mlingo wake womwewo, ndipo utsi ukachepa mphamvu wosuta amakoka kwambiri, amakoka pafupipafupi, amaulowetsa mkati mwenimweni mwa mapapo, ndipo nduduyo amaisuta mpaka kufika pa fyuluta. Zala ndi milomo nazonso zimatseka timabowo tija mwiniwake osadziwa. Malume anga amachita zonsezi, ndipo akamaliza ndudu imodzi sapitirira nthawi yaitali asanayatse ina, pamene kale chingambwe chimodzi ankachizimitsa n'kuchisunga kukhutu kuti adzamalize masana.

Zimenezi akatswiri adazitsimikiza kalekale. Mu 2001 bungwe lofufuza za khansa la National Cancer Institute la ku America lidanena kuti ndudu za phula lochepa sizidachepetse matenda pakati pa osuta, ndipo kuyambira 2010 dzikolo lidaletsa kulemba pa mapaketi mawu osonyeza kuti ndudu ndi zopepuka. Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, lolimbana ndi kusuta fodya mu 2023, ndipo panganoli limaletsa mawu onyenga otere.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti kuno ku Chigwa cha Shire lamulo la pa paketi silingamufikire munthu ngati malume anga. Pa okala za ku Bangula, Ngabu kapena Nchalo anthu amagula ndudu imodziimodzi, ndiye paketiyo saiona n'komwe; chimene amadalira ndi kukhosi kwawo, ndipo kukhosiko kukapanda kuyabwa amati fodyayo ndi wabwino. Ndikupempha alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi mwathu kuti akapeza bambo wachifuwa amene akunena kuti adasintha fodya, asamuyamikire msanga, koma amufunse ndudu zimene amasuta pa tsiku, amuonetse timabowo tija, ndipo amuthandize kusiyiratu. Malume anga ndidawaonetsa timabowoto sabata yatha powalitsa fyuluta ndi tochi ya foni, ndipo adatiyang'anitsitsa nthawi yaitali osayankha kanthu.