Inu a Folomu 4, makope mwaotchawo mudzawafuna

Ana inu amene mwangomaliza kulemba MSCE, tcherani khutu. Tsiku la pepala lomaliza takuonani mukung'amba yunifolomu, kulembana mayina pamalaya, ena mpaka kukoleza moto ndi makope a zaka zinayi. Zamanyazi! Mwaotcha manotsi zotsatira zisanatuluke, nanga Chingerezi chikakugwetsani mudzabwereza ndi chiyani? Paja wapeza 9 pa Chingerezi satifiketi salandira, ngakhale masamu atakhoza ndi 1.

Ambiri mumangofuula za mapointi osadziwa mmene amawerengera. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulakwa. Mapointi amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, ndipo akachepa m'pamene zili bwino. Mayunivesite a boma, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, amafuna ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Amene wapeza 7 pa Chingerezi akhoza kulandira satifiketi, koma kumeneko salowa. Wotereyu abwereze msanga mutu ukadali wotentha, asadikire zaka zitatu akusewera bawo pa sitolo.

Tsono pofunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, m'pamene pali uchitsiru wochuluka. Mwana akupereka mapepala kwa mnyamata wa pa intaneti kafe, n'kumuuza kuti "ingondisankhirani", iye ali kalikiliki pa foni. Ameneyo akudziwa kuti Chemistry munapeza chiyani? Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene amayang'ana. Za udokotala amayang'ana Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Za uinjiniya masamu ndi Physics sizisowa. Mukadzaza malo onse ndi mapulogalamu otchuka okhaokha, pomwe magiredi anu ndi apakatikati, dzina lanu silituluka paliponse, kenaka muyambe kunena kuti akukonderani kapena mwalodzedwa. Werengani chidziwitso chonse, sakanizani zapamwamba ndi zimene mungazifikire, ndipo nambala ya foni mulembe yanu, osati ya chibwenzi chimene mudzasiyana nacho Khirisimasi isanafike. Tsiku lotsekera likadutsa, palibe amene adzamve zoti netiweki inavuta.

Yang'ananinso mayina. Pa mapepala a MANEB pali dzina la bambo, pa chiphaso cha unzika cha NRB pali la agogo, chaka chobadwa nachonso chosiyana. Zimenezi zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku lofunsira ngongole ya maphunziro ku HESLGB, pasipoti kapena ntchito. Konzetsani panopa. Ngati chiphaso mulibe, mukudikiranji? Amayamba kupereka munthu akakwanitsa zaka 16.

Satifiketi ikafika kusukulu, kaitengeni. Ngati muli ndi ngongole ya fizi kambiranani ndi ahedi, osangothawa. Isungeni m'pulasitiki, pamalo osadontha, kutali ndi chiswe ndi makoswe. Jambulitsani mafotokope angapo, muwadinditse, ndipo pofunsira ntchito muzipereka amenewo. Yeniyeniyo ingoonetsani n'kubwerera nayo. Ikatayika mudzayenda mpaka ku MANEB ku Zomba, kulipira, n'kudikira kalata yongotsimikizira kuti munakhozadi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mauthenga a pa WhatsApp oti "tikufuna achinyamata a MSCE, tumizani ndalama ya fomu pa Mpamba kapena Airtel Money" ndi msampha. Ntchito sagula. Ya usilikali, ya upolisi, ya ku ndende, zonse amalengeza poyera ndipo palibe "bwana wa m'kati" woti mumutumizire kangachepe. Mukatumiza, nambalayo mawa siipezekanso, mbuzi ya mayi anu yapita.

Atsikana, inu makamaka. Mwamva za anzanu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito yabwino, n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, pasipoti atalandidwa pofika pomwe. Ajenti wokuuzani kuti tikiti ndi pasipoti alipira yekha, kontirakiti mukasainira komweko, ndipo makolo musawauze, ameneyo akukugulitsani. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu lilipo kuchokera mu 2015, kanenani kupolisi. Anyamata a ku Joni nanunso, kudutsa Beitbridge ndi madobadoba kapena kupyola masiku amene anakudindirani mathero ake ndi ku Lindela, kumene amatsekera olowa m'dzikomo mosaloledwa, kudikira basi yokubwezani chimanjamanja.

Ndiye pali makoleji ongomera paliponse, kachipinda kuseri kwa golosale, chikwangwani chachikulu. Musanalipire tambala, fufuzani ngati sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo zili pa mndandanda wa NCHE kapena TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Za unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council. Dipuloma yosavomerezeka ndi pepala lokulungira zitumbuwa basi.

Ndipo musiye kunyoza ntchito zamanja. Ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe ndi Mzuzu kuli makoleji a zaumisiri ophunzitsa zamagetsi, zamipope, kuwotcherera, ukalipentala ndi zomangamanga. Wa magetsi amaitanidwa kunyumba za anthu tsiku ndi tsiku pomwe wa digiri akuyendabe ndi envulopu yakaki.

Miyezi yodikirayi ndi imene imabala mimba, ngongole za katapila ndi chizolowezi chobetcha mpira ndi ndalama ya ndiwo. Njira zakulera ndi makondomu kuchipatala cha boma n'zaulere, manyazi enieni ndi kulandira kalata ya ku yunivesite muli ku sikelo. Makolo nanunso musati "wakula, adziwa yekha". Mupatseni chochita, kaya kudimba, kaya pa okala, ndipo madzulo ano mumufunse akuonetseni pamene wasunga nambala yake ya mayeso.