Chenjezo kwa eni mapuloti amene mukutha mabwalo a pakhomo

Ndikulankhula ndi inu ana anga, eni mapuloti ku Area 25, Kawale, Ndirande ndi Bangwe, amene mwayamba kuona bwalo la pakhomo ngati malo ongowonongeka. Munthu akangogwira kandalama akudula mtengo wa mango umene anaupeza, akuzula kapinga yense, kuseri kwa nyumba akumangako timanyumba ta lendi mpaka kukagunda mpanda wa mnzake, ndipo pamene patsala akuthirapo simenti. Ndalama ya lendi ndi yokoma, sindikukana, koma kodi mvula yogwa pa malata onsewo mukufuna ilowe pati?

Dothi losatsekedwa limamwa madzi, ndipo mizu ya kapinga imagwira nthaka kuti isakokoloke. Mukatseka zonsezi, madzi aja amatulukira pageti ali ndi liwiro, n'kukumba msewu, n'kukalowa m'nyumba ya mnansi wanu wa kumunsi amene sanakulakwireni kanthu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukakwirira nyumba ku Chilobwe, tonse tinaona zimene madzi amachita pa nthaka yodulidwa mitengo ndi yothinana nyumba. Bwalo lanu ndi laling'ono poyerekeza ndi phiri, koma khalidwe la madzi ndi lomwelo.

Pothinanapo chimbudzi chayandikana ndi chitsime, ngati kuti mwaiwala kale kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ana amene akanasewera phada ndi chipako pakhomo tsopano akusewera mumsewu, pakati pa njinga zamoto za kabaza. Mpiru ndi nkhwani, zimene bedi limodzi kuseri kwa khitchini likanakupatsani ndi madzi otsukira mbale, mukukazigula pamsika tsiku ndi tsiku. Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi tsiku la maliro, pamene anthu odzakhuza amasowa pokhala mpaka tenti kuimika pamsewu.

Nanunso amene mwasiya kapinga kuti akule mpaka kufika m'maondo musaganize kuti ndakuiwalani. Tengani chikwakwa mutchetche njoka zisanapeze pobisala, ndipo zitini ndi matayala akale amene akusunga madzi m'udzumo muwachotse mvula isanayambe, chifukwa udzudzu umaswana mmenemo.